Ana athu atengera liwiro la Hamilton, chisoti chake achisiya



Masiku ano ikakwana nthawi ya buleki, mkangano wa anyamata athu kuseri kwa makalasi sukhalanso wa Bullets ndi Wanderers wokha. Wina akuti Lewis Hamilton analakwitsa kuchoka ku Mercedes n'kupita ku Ferrari mu 2025, wina akuti Max Verstappen palibe angamuthe. Mipikisanoyi amaionera pa mafoni a azichimwene awo ndi m'nyumba zoonetsera makanema pa Chitakale ndi pa Limbuli. Ife aphunzitsi sitikuona cholakwika pamenepo. Mwana amene akufunsa chifukwa chimene galimoto siigubuduka ikamakhota pa liwiro lotere wayamba kale kuphunzira Physics.

Chatichititsa kulemba ndi china. Tikaweruka timaona ana omwewa akukwera kabaza wa njinga yamoto, atatu pa njinga imodzi, kumutu opanda kanthu. Wakabaza amene amalowa pakati pa minibasi ndi lole osachepetsa liwiro amupatsa dzina lomutamanda, amati ndi Hamilton. Ife tikuti dzinali lapita kolakwika. Amene angawerenge mbiri ya masewerawa apeza kuti chimene akuluakulu ake akhala akulimbana nacho kwa zaka zoposa 70 ndi imfa. Liwiro linalipo kuyambira pachiyambi. Chimene chinavuta kupeza ndi njira yoti woyendetsa abwerere kwawo wamoyo.

Kwa makolo amene simunaonerepo, Formula One ndi mpikisano wapamwamba pa dziko lonse wa galimoto za mpando umodzi, zimene matayala ake amakhala poyera. Amauyang'anira ndi bungwe la FIA. Mawu oti "formula" akutanthauza mndandanda wa malamulo amene galimoto iliyonse iyenera kutsatira isanaloledwe kupikisana. Choncho dzina lenileni la masewera amene ana athu akuwakondawa likunena za malamulo.

Mpikisano woyamba wa ukatswiri wa dziko lonse unachitika pa 13 Meyi 1950 ku Silverstone, ku England, ndipo anapambana ndi Giuseppe Farina wa ku Italy pa galimoto ya Alfa Romeo. Galimoto za nthawi imeneyo zinkatha kale kupitirira makilomita 250 pa ola. Koma oyendetsa ambiri ankangovala kachipewa ka nsalu kapena ka chikopa ndi malaya wamba. Lamba panalibe. Ena ankanena kuti ngozi ikachitika ndi bwino kuponyedwa kunja kusiyana ndi kupsera m'galimoto. M'mphepete mwa misewu yopikisaniramo munali mitengo, mapolo ndi nyumba za anthu. Mu 1958 mokha, Luigi Musso anafa ku France, Peter Collins ku Germany, ndipo Stuart Lewis-Evans anapsa pa mpikisano wa ku Casablanca, ku Morocco, n'kumwalira patapita masiku ochepa. Maliro akatha, anzawo ankabwereranso pa msewu womwewo osasintha kanthu. Anthu ankangoti ndi mmene masewerawa alili.

Tisaganize kuti mbiriyi ndi ya kutali. Chigawo chathu chino cha Africa chili m'kati mwake. Kuyambira mu 1962 mpikisano wa dziko lonse unkafika ku South Africa, poyamba ku East London, kenako kuyambira mu 1967 ku Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito lero. Mipikisano ina ya galimoto zoterezi, ngakhale sinali ya ukatswiri wa dziko lonse, inkachitikira ku Lourenço Marques, amene pano ndi Maputo, komanso ku Rhodesia. Pa 2 Januwale 1967 ku Kyalami, John Love wa ku Bulawayo, mzinda umene agogo athu ena anachonera, anatsogola pa galimoto yake yakale ya Cooper mpaka kutatsala pang'ono kutha. Vuto la mafuta linamuimitsa ndipo anamaliza wachiwiri, kumbuyo kwa Pedro Rodríguez wa ku Mexico. Mu 1979 Jody Scheckter wa ku East London anakhala katswiri wa dziko lonse pa Ferrari.

Sitikubisa kuti mbiri imeneyi ili ndi zonyansa zake. Masewerawa anapitiriza kupita ku South Africa pa nthawi ya tsankho mpaka mu 1985, chaka chimene matimu a Renault ndi Ligier anakana kupitako. Kwa zaka zambiri galimotozi zinali zikwangwani zoyenda zotsatsira ndudu za fodya. Kuchokera pamene Alain Prost anapambana ku Kyalami mu 1993, Africa sinalandirenso mpikisano ngakhale umodzi. Sitikuuza ana athu kuti atengere zonse za kumeneko. Tikuwauza kuti pali chinthu chimodzi chimene anthu amenewa anachichita bwino, ndipo ife kuno sitinachiyambe n'komwe.

Chinthucho chinayamba ndi munthu mmodzi, Jackie Stewart wa ku Scotland. Mu 1966 ku Spa, ku Belgium, mvula inagwa mpikisano utangoyamba, ndipo galimoto yake inaterereka n'kuchoka mumsewu. Iye anapanikizika m'kati pafupifupi mphindi 25, petulo akumuthira m'thupi. Panalibe ogwira ntchito yopulumutsa anthu pafupi. Anamutulutsa ndi oyendetsa anzake awiri, Graham Hill ndi Bob Bondurant, pogwiritsa ntchito masipanala obwereka kwa munthu woonerera. Ambulansi imene inamutenga inasochera njira ya kuchipatala. Tikamawerenga nkhani imeneyi timaona ngati ikunena za msewu wa Midima, pamene munthu wovulala amanyamulidwa ndi anthu achifundo odutsa, pa galimoto iliyonse imene yapezeka.

Stewart atachira anayamba kuvutitsa akuluakulu a masewerawa. Ankafuna zitsulo zotchinga m'mphepete mwa msewu, malamba, zisoti zophimba nkhope yonse, madokotala ndi ozimitsa moto pa malo a mpikisano. Ena anamunena kuti ndi wamantha ndipo akuwononga masewera a amuna. Koma maliro ankamuchitira umboni. Jim Clark, amene anapambana ku Kyalami pa 1 Januwale 1968, anafa pa 7 Epulo chaka chomwecho ku Hockenheim, galimoto yake itawomba mitengo pa mpikisano wa Formula Two. Jochen Rindt anafa ku Monza mu Seputembala 1970, ndipo chikho cha ukatswiri wa chaka chimenecho analandira ndi mkazi wake wamasiye. Oyendetsa anagwirizana zonyanyala. Mu 1969 anakana kupikisana ku Spa, mu 1970 anakana ku Nürburgring, mpaka eni malowo atakonza. Munthu amene ankatchedwa wamanthayo anakhala katswiri wa dziko lonse katatu, mu 1969, 1971 ndi 1973.

Ana athu a Fomu 1 ndi Fomu 2, amene mumadumpha msewu mothamanga pothawa kuchedwa, mvetserani izi. Pa 5 Malichi 1977 ku Kyalami, galimoto ina inaima m'mbali mwa msewu itayamba kuyaka pang'ono. Anyamata awiri othandiza pa mpikisanowo anathamanga kudumpha msewu kuti akazimitse motowo. Wachiwiri, wa zaka 19, atanyamula chozimitsira moto cholemera, anagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce imene inatulukira pa kachitunda ikuthamanga pafupifupi makilomita 270 pa ola. Mnyamatayo anafera pomwepo. Chozimitsira motocho chinamenya Pryce kumutu, nayenso anafa. Mnyamata uja anali ndi mtima wabwino, ankapita kukathandiza. Mtima wabwinowo sunamuteteze, chifukwa anadumpha pamalo pamene woyendetsa sakanatha kumuona msanga.

Ndipo inu anyamata akuluakulu amene mumayesa kuti kuima ndi mantha, tamvani za Niki Lauda wa ku Austria. Pa 1 Ogasiti 1976 anapsa koopsa ku Nürburgring, pa mpikisano umene iye mwini anapempha anzake kuti aunyanyale koma ambiri anakana. Patangopita masabata 6 anabwereranso, mabala asanapole, n'kumaliza wachinayi ku Monza. Palibe angamunene munthu ameneyu kuti anali wamantha. Mpikisano womaliza wa chaka chimenecho unali ku Fuji, ku Japan, ndipo iye ndiye ankatsogola pa mapointi. Kunagwa chimvula, msewu sunkaoneka. Atazungulira kawiri kokha anaimitsa Ferrari yake n'kutsika. James Hunt anamulanda ukatswiri ndi pointi imodzi. Lauda anasankha moyo wake. Anakhalanso katswiri mu 1977 ndi mu 1984, ndipo anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 70. Chiperoni ikatsika kuno, nkhungu itaphimba minda ya tiyi, msewu wa ku Muloza uli noninoni, wakabaza amene wayenera kutchedwa dzina la katswiri ndi amene wachepetsa liwiro kapena waima kuti kuyere.

Chimene chimatigwira mtima m'mbiri yonseyi ndi chizolowezi chimene anthu amenewa anadziphunzitsa. Ngozi ikachitika amafunsa chimene chachititsa, n'kusintha lamulo. Mu 1978 analemba ntchito Sid Watkins, dokotala wa opaleshoni ya ubongo, kuti azipezeka pa mpikisano uliwonse, ndipo Ronnie Peterson atamwalira chaka chomwecho pa ngozi ya ku Monza, galimoto ya madokotala inayamba kutsatira opikisana pa ulendo woyamba wozungulira. Roland Ratzenberger ndi Ayrton Senna atafa ku Imola pa 30 Epulo ndi pa 1 Meyi 1994, anakonza makona oopsa, anakweza m'mbali mwa malo okhala woyendetsa, ndipo anaika malire a liwiro pa njira yolowera kumagalaja, pamene amakaniko amagwira ntchito. Taganizani, galimoto imene imapitirira makilomita 300 pa ola imakakamizidwa kutsika kufika pa 80 ikafika pamene pali anthu oyenda pansi, ndipo wophwanya lamuloli amalangidwa ngakhale akhale katswiri. Mu 2003 anakakamiza aliyense kuvala chipangizo choteteza khosi. Kwa zaka 20 chichokereni Senna, palibe woyendetsa amene anafa pa mpikisano wa dziko lonse, mpaka ngozi ya Jules Bianchi ku Suzuka mu 2014, imene inamutengera kumanda mu 2015.

Mu 2018 anaika pa galimoto iliyonse chitsulo chozungulira mutu wa woyendetsa, chotchedwa halo. Oyendetsa ambiri anachinyoza kuti n'chonyansa, Hamilton yemwe ali m'gulu la onyozawo. Pa 29 Novembala 2020 ku Bahrain, galimoto ya Romain Grosjean inaboola chitsulo cha m'mbali mwa msewu, inaduka pakati n'kuyaka. Iye anatuluka m'motomo yekha pasanathe theka la mphindi, atangopsa manja. Nayenso poyamba ankachikana chitsulocho. Chaka chotsatira ku Monza, galimoto ya Verstappen inakwera pamwamba pa ya Hamilton, tayala n'kufika pa chisoti chake, ndipo chitsulo chimene ankachinyoza chija ndicho chinamutchinjiriza. Hamilton amene ana athu akumutamayu salowa m'galimoto opanda chisoti, zovala zosagwira moto msanga, choteteza khosi ndi malamba omangidwa bwino. Akanayesa, sakanamulola kutuluka m'galaja.

Tsopano tibwerere kwathu. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, msinkhu weniweni wa ana a sukulu yathu. Ife sitikusowa ziwerengero kuti tikhulupirire. Ndani mwa ife amene sanapiteko kukazonda wachibale wothyoka mwendo ku chipatala cha boma pa Mulanje, kapena amene sanamvepo kuti wovulala mutu amutumiza ku Queens ku Blantyre? Ndani sanaperekezeko jeneza ya mnyamata amene m'mawa wa tsiku lomwelo anali bwinobwino? Njinga zamoto zatithandiza kwambiri. Zapatsa ntchito achinyamata, zimafikitsa odwala ndi amayi oyembekezera kuchipatala kuchokera kumidzi kumene minibasi siifika. Sitikulimbana ndi akabaza, ambiri ndi ana athu omwe. Tikulimbana ndi chizolowezi.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Choyamba, anena kuti amenewo ndi anthu olemera, ife tilibe ndalama zotere. Ndi zoona kuti galimoto imodzi ya Formula One ingamange masukulu angapo. Koma taonani zimene Stewart ankapempha poyamba: chisoti, lamba, chotchinga, munthu wodziwa chithandizo choyamba. Iye mwini atachira anayamba ndi kumatirira sipanala m'galimoto yake. Kuchepetsa liwiro sikulira ndalama. Ophunzira Physics akudziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse njinga umawirikiza kanayi. Chisoti chimagulidwa, inde, koma m'nyumba zambiri muli foni yodula kuposa chisoti, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kusamalira munthu wovulala mutu kwa moyo wake wonse.

Chachiwiri ndi chimene timachimva pa maliro, kuti inali nthawi yake, zinalembedwa. Ife timakhulupirira kadari ya Allah ndipo timaiphunzitsa m'kalasi. Mawu amenewa ndi otonthoza ofedwa, ndipo pa maliro ali pamalo pake. Koma sitinaphunzitsepo mwana aliyense kuti kukhulupirira kadari kukutanthauza kusiya kudzisamala. Munthu yemweyo amene akuti chisoti n'chosafunika chifukwa zonse zinalembedwa, usiku amatseka chitseko, akadwala malungo amamwa mankhwala, ndipo mvula ikagwa amadzala. Moyo ndi amana imene tinasungitsidwa. Wakabaza wasungitsidwa amana ziwiri, moyo wake ndi wa amene wamunyamula.

Chachitatu ndi manyazi. Mnyamata akuopa kuti anzake amuseka akauza wakabaza kuti achepetse liwiro. Mtsikana akuti chisoti cha pa kabaza chavalidwa ndi anthu ambiri, komanso chisokoneza mpango wake. Chisoti chimakwana bwino pamwamba pa hijabu, ndipo mpangowo ndi umene ukutchinjiriza mutu ku thukuta la ena. Chofunika n'kupinda nsonga za mpango ndi za chovala chachitali kuti zisakodwe mu tcheni kapena m'tayala. Abambo, kofiya ikhoza kulowa m'thumba mpaka titafika pa mzikiti. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsono tikupempha izi. Kwa makolo: mwana wanu akamayenda pa kabaza kubwera kusukulu, gwirizanani ndi wakabaza mmodzi amene mukumudziwa, amene ali ndi laisensi ndi chisoti cha wokwera, ndipo muuzeni maso ndi maso kuti simukufuna ana atatu pa njinga imodzi. Chisoti chimene chingwe chake cha pachibwano sichinamangidwe chimauluka munthu asanafike pansi, choncho phunzitsani mwana kumanga. Musabwereke njinga yamoto kwa mwana amene sanafike msinkhu wotenga laisensi, ngakhale ulendo wake ukhale wa kuchigayo. Malamulo a pamsewu a dziko lino amafuna kale chisoti kwa woyendetsa ndi wokwera. Tisadikire kuti wapolisi akhale pa ngodya ndiye tikumbukire.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti: tikupemphani mwaulemu kuti muitane akabaza a m'dera lathu, Asilamu ndi omwe si Asilamu, tikhale nawo pansi ngati ana athu. Ambiri anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la mpira kwa masiku awiri, palibe anawauzapo za malamulo. Tingapemphe apolisi a pamsewu kapena a Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti adzawaphunzitse. Tipemphenso a khonsolo kuti aganizire zoika zikwangwani ndi mahampu pamene ana athu amadumphira msewu. Ndipo monga timasonkherana pa zina, tingasonkhe zisoti zingapo zoti zizikhala pasukulu, zobwereka ana ochokera kutali.

Ife aphunzitsi tikulonjeza mbali yathu. Tipempha ogwira ntchito zachipatala kuti adzaphunzitse ana ndi aphunzitsi chithandizo choyamba, makamaka kanyamulidwe ka munthu amene wavulala khosi kapena msana, chifukwa kumunyamula mwachisawawa kungamupundule. Ndipo mwana wathu aliyense akachita ngozi, yaikulu kapena yaing'ono, tikamaliza kumuzonda ndi kumuchitira dua tizikhala pansi n'kufunsana kuti inachitikira pati, nthawi yanji, anali angati pa njinga, anavala chiyani, ndipo tisinthe chiyani. Chizolowezi chimenechi ndicho chinasintha Formula One. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu ana athu, pitirizani kuonera ndi kukangana za Ferrari ndi McLaren, bola homuweki ithe ndipo nthawi ya swala isadutse. Koma ulendo wina mukamaonera, yang'anani zimene woyendetsa amachita mpikisano usanayambe. Werengani zimene wavala. Onani amakaniko akumukoka malamba mpaka athine. Onani galimoto ya madokotala itaima kumbuyo kwa onse. Chilichonse mwa zimenezi chinabwera pambuyo pa maliro a munthu wina. Mukaziona, mudzadziwa wakabaza woyenera kumutcha Hamilton, ndipo mudzakwera njinga ya ameneyo.

Allah atisunge m'maulendo athu onse, ife ndi ana athu. Wassalamu alaikum.